Mzere Wakuda Kumanzere

Ine ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo ophunzira anga anandipatsa dzina loti a Mabuleki chifukwa mawu amenewo sachoka pakamwa panga. Akazi anga ndi dokotala, koma osati woti mungapite kwa iwo mutu ukamawawa. Achibale ayesapo kubwera kwathu ndi msana, ndi bondo, ndi mwana wachimfine, ndipo onse amabwerera ndi tiyi m'mimba basi. Iwowa amafufuza za khansa. Amaswera m'labotale ya pa yunivesite, m'chipinda cha mafiriji ambiri, kudyetsa maselo otengedwa ku zotupa, omwe amawaweta m'timabotolo tafulati muli timadzi tofiirira. Maselo amenewo amadya pa nthawi yake kuposa ine.

Anthu a sayansi ali ndi kachitidwe kawo. Munthu akapeza chinthu chatsopano amalemba pepala, pepalalo n'kutuluka m'magazini yawo. Wina kwinako akamalemba lake, ngati wakhudza zomwe iwe unapeza, amakutchula: amaika dzina lako ndi mutu wa pepala lako kumapeto kwa pepala lake. Ndiye pali tsamba la pa intaneti lomwe limawerenga kuti pepala lililonse latchulidwa kangati. Akuluakulu a yunivesite amasuzumira pamenepo akafuna kudziwa ngati munthu akugwiradi ntchito kapena akungotha magetsi.

Akazi anga alemba mapepala oposa makumi atatu, ndipo ambiri mwa iwo amayenda bwino ndithu. Koma panali limodzi lomwe ankalitcha mwana wachisamba, chifukwa ndi loyamba kutuluka m'labotale yawoyawo, ndipo linawadyera pafupifupi zaka khumi. M'pepala limenelo anasonyeza kuti m'maselo a khansa ya m'mawere muli puloteni ina imene ukaitsekereza ndi mankhwala, maselowo amaleka kuswana. Tsiku lomwe linatuluka anavina m'khitchini ali ndi chikho m'manja. Kenaka dziko linangoti zii. Panapita zaka, pepalalo litatchulidwa katatu kokha, ndipo kawiri analitchula ndi eni ake omwe.

"Bola akanandinyoza," ankatero. "Kusiyana ndi kungondidutsa ngati chikwangwani chofufutika."

Mwana wathu weniweni, wamiyendo iwiriyo, ndi mtsikana wamkulu tsopano, amagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mafoni. Pepalalo amalitcha achimwene, ndipo amati achimwenewo anamulanda amayi ake iye ali kusukulu ya pulayimale. Ndi iyeyo amene anandikonzera foni yanga kuti izilira nthawi iliyonse wina akatchula pepalalo. Anati, "Adadi, musadandaule, siizikusokonezani. Achimwene alibe anzawo."

Kwa nthawi yaitali foniyo inakhaladi chete. Ndiye tsiku lina, ndikuphunzitsa mayi wina wa kubanki kubwerera m'mbuyo pakati pa migolo iwiri, inalira. Ndinati, "Mabuleki, mayi. Zimitsani." Nditayang'ana, ndinapeza kuti wina wakutsidya kwa nyanja watchula mwana wachisamba. Sabata yotsatira inaliranso. Kenaka inayamba kulira kawirikawiri, mpaka ophunzira anga anazolowera: foni ikangolira, ankaika okha chizindikiro n'kuima pambali pa msewu, osadikira kuuzidwa. Mayi wa kubankiyo anaphunzira kuimika galimoto bwino kwambiri chifukwa cha pepala la akazi anga, ngakhale kubwerera m'mbuyo kumamuvutabe mpaka lero.

Ndinasangalala, sindibisa. Ine ndinaona zaka khumi zija ndi maso angawa. Ndinaona munthu akuchoka pa ukwati wa mphwake mpunga usanagawidwe chifukwa maselo ali ndi njala. Tsopano dziko linali litadzuka, ndipo madzulo alionse ndinkawachingamira pakhomo ndi nambala yatsopano.

"A Dokotala, lero tili pa makumi asanu ndi limodzi."

"Ee, ndaona," ankayankha, n'kupita kukavula nsapato.

Ndinkati ndi kudzichepetsa kwa anthu ophunzira. Ndinaonanso kuti akudya pang'ono ndiponso akuchedwa kulabotale, koma ndinati ndi mmene kutchuka kumakhalira, munthu amatanganidwa. Choncho ndinapangana ndi mwana wathu kuti nambala ikadzangofika pa zana, tidzachite kaphwando kowadzidzimutsa. Ndinaitana alamu anga, mchimwene wawo wamkulu wa akazi anga, amene amakonza mapaipi a madzi ndipo sanandikhululukirebe chifukwa chowalepheretsa mayeso oyendetsa kawiri. Ndinaitananso aneba a mbali zonse ziwiri. Ndinapita ndekha kwa wophika makeke, n'kumuuza kuti alembe 100 pamwamba, ndi zilembo zoti munthu aziona ali pageti.

Nambala inafika pa zana Lachisanu. Lamulungu masana akazi anga atapita kukadyetsa maselo, tinatulutsa mipando pakhonde, tinaika zakumwa m'beseni la madzi ozizira, keke pakati pa tebulo. Atatsegula geti, tonse tinaimirira n'kuwomba m'manja.

Anaima pomwepo ndi chikwama paphewa. Anayang'ana keke, anayang'ana ine, anayang'ananso keke.

Alamu anali atayamba kale kulankhula, botolo lili m'manja. Anati mlongo wawoyu anali wanzeru kuyambira ali kamwana, kuti nzeruzo anatengera kwa iwo, ndiponso kuti cholakwa chake chimodzi chokha pa moyo wake wonse chaima apocho chavala malaya atsopano. Anthu anaseka, inenso ndinaseka, chifukwa tsiku limenelo palibe akanandikwiyitsa.

Akazi anga anakhala pampando pang'onopang'ono, n'kutambasula dzanja. "Bambo a mwana, tandibwerekani foniyo."

Ndinawapatsa. Anatsegula limodzi mwa mapepala owatchula aja, n'kulitsitsa ndi chala mpaka pomwe panali dzina lawo.

"Kodi munayamba mwawerengapo zomwe amanena akamanditchula?"

"Chizungu chawo cha sayansicho ndingachimve ine? Ndimangoona nambala."

"Imvani tsono, ndikumasulireni. Awa akuti: tinayesa kubwereza zomwe anapeza mayiwa, koma maselo athu anapitiriza kuswana." Anatsegula lina. "Awa akuti: zomwe ananena mayiwa sizinatsimikizike." Anatsegula lachitatu. "Awa ndi aulemu pang'ono. Akuti pepala langa liziwerengedwa mosamala."

Mneba wa kumanzere anabweza botolo lake m'beseni mwakachetechete.

Anatifotokozera kuti zonse zinayamba ndi pulofesa wina wamkulu wakutsidya kwa nyanja, bambo wandevu zambiri, amene anayesa mankhwala aja pa maselo ake n'kupeza kuti sakuchita kanthu. Iyeyo atalemba zimenezo, ena onse anayamba kutchula mapepala awiriwo pamodzi, lake ngati loona, la akazi anga ngati lokayikitsa. Sikuti onse zana ankatsutsa, koma ambiri mwa omwe ankaliza foni yanga anali a gulu limenelo.

Alamu anakanda pakhosi. "Ndiye alamu, tiyeni timvetsetsane. Mwatiitana, tasamba, tavala, kuti tidzadye keke yothokoza anthu otsutsa mlongo wanga?"

Amene anayamba kuseka ndi akazi anga. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, mpaka misozi, mpaka chikwama chinagwa pansi. Mwana wathu anatsatira, kenaka aneba, kenaka khonde lonse. Ndinali ndisanawamve akuseka choncho kwa miyezi yambiri, ndipo ndinganene pano kuti keke imeneyo sindidzapepesa nayo. Inagwira ntchito yake.

"Walira mvula walira matope," anatero akupukuta m'maso. "Si ndine ndinkati bola andinyoze? Bweretsani mpeni. Ine mundipatse mbali ya ziro, ndi imene ikundiyenera."

Alendo atapita, tikutsuka mbale awiriwiri, anandiuza zomwe ankandibisira. Anali atalembera Wandevu uja kumupempha maselo ake, ndipo iye anawatumiza ali owuma ndi chisanu m'bokosi. Tsopano ankawaweta m'labotale mwawo, pambali pa maselo awo akale, kuti afufuze chomwe chikusiyanitsa. Anali ndi ganizo limodzi lokha lotsala. Likakanika limenelo, ndiye kuti mwina analakwitsa penapake zaka zonse zija.

"Zikatero mudzatani?"

"Ndidzalembera a magazini kuti alichotse pepalalo. Amadinda mawu ofiira pamwamba pake, kuti aliyense wolitsegula aziona kuti mwini wake analikana."

"Mwana wachisamba?"

"Yemweyo. Pali anthu odwala kumapeto kwa zinthu zimenezi, bambo a mwana. Sindingasiye chinthu chabodza chili chiimire chifukwa choti ndimachikonda." Anatsuka kapu imodzi nthawi yaitali. "Koma ndikuopa. Ndikuopa kwambiri."

Masabata otsatirawo foni ndinaitsekera m'kabokosi ka kutsogolo m'galimoto. Ikalira mmenemo, ophunzira ankayamba kupatuka, ine n'kunena kuti, "Pitirizani, amenewo ndi adani." Maselo a Wandevu ankakula mwaulesi, ndipo ndinkati atengera mwini wawo, ngakhale munthuyo ndinali ndisanamuonepo. Akazi anga ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinkangowaperekeza m'mawa, kukawatenga madzulo, ndi kuonetsetsa kuti m'chikwama mwawo muli kanthu kodya.

Loweruka lina m'mawa, titafika pageti la yunivesite, sanatsike msanga. Anati, "Zimitsani galimoto. Lero mulowa nawo."

Pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanapitirire pakhomo la labotale. Anandiveka chijasi choyera chomwe manja ake analekezera m'zigongono, anandipatsa magolovesi, n'kundiuza kuti manja anga akhale kumbuyo. Mkatimo munkamveka kulira kwa mafiriji ndi kafungo ka mankhwala ophera tizilombo. Pa mashelefu panali mabotolo olembedwa ndi dzanja lawo, dzanja lomwelo lomwe limalemba pa zitini za shuga kunyumba. Pakona panali kamakina kena kogwedeza kambale uku ndi uku, ndipo m'kambalemo munkasambira kapepala koyera, kakang'ono kuposa laisensi.

"Zonse zili pa kameneka," anatero.

Anakanyamula ndi kopanira, anakadonthezera mankhwala, anakaika m'makina ena ooneka ngati uvuni yaing'ono, n'kutseka chitseko chake. Anandiuza kuti makinawo ajambula kapepalako, ndipo pa kompyuta patuluka mizere yakuda. Mbali ya kumanzere ndi ya maselo awo, ya kumanja ndi ya maselo a Wandevu. Anadina batani. Kenaka munthu wa mapepala makumi atatu, amene amaima pamaso pa maholo odzaza osanjenjemera, anatembenuka n'kukayang'ana kusinki.

"Sindingathe. Yang'anani ndinu, muzindiuza."

"Ine ndidziwa chiyani?"

"Maso muli nawo. Munthu amene amaona njinga ili kuseri kwa basi angalephere kuona mzere?"

Ndinayandikira. Poyamba panali potuwa pokhapokha. Kenaka zinthu zinayamba kutuluka pang'onopang'ono.

"Pansi pakubwera timizere takuda. Tayambira kumanzere mpaka kumanja, tonse tofanana."

"Timeneto tikungosonyeza kuti ndinathira mofanana mbali zonse. Yang'anani pamwamba pake."

Ndinayang'ana. Kumanzere kunatuluka mzere, poyamba wotuwa, kenaka wakuda bii, wonenepa bwino. Ndinatembenuzira maso kumanja kudikira mnzake. Ndinadikira. Ndinapukuta galasi la kompyuta ndi mkono wa chijasi, ngakhale anandiletsa kugwira kanthu. Kumanjako kunali koyera ngati mbale yotsuka.

Pa ntchito yanga ndauzapo anthu ambiri kuti alephera, ndipo ndimadziwa kuti nkhani yoipa siifuna kuzungulira. Koma ulendo uno ndinazengereza. Ndinaganiza kuti theka lokha ndi lomwe latheka, ndipo theka pa mayeso ndi kulephera. Ndinaganiza za mawu ofiira aja pamwamba pa mwana wachisamba.

"Mwangoti chete bwanji?" anafunsa, akuyang'anabe kusinki.

"Amayi, limbani mtima. Kumanzere mzere ulipo, wakuda ndithu. Koma kumanja kulibe. Ndayang'anitsitsa, kulibiretu. Pepani."

"Mwati bwanji?"

"Ndati kumanja kulibe kanthu. Mwina mukathiranso mankhwala ena pang'ono..."

Sindinamalize. Anandikankhira pambali ndi phewa, anaika nkhope pafupi ndi kompyuta, n'kukhala choncho osapuma. Kenaka anandigwira makutu onse awiri ndi magolovesi awo, n'kundipsompsona pamphumi.

"A Mabuleki, mwapepesa nkhani yabwino kuposa zonse zomwe ndamvapo."

Anandikhazika pa kampando kozungulira n'kundifotokozera, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Mzere wapamwambawo unali wa kapuloteni kena, kamnzake ka puloteni yawo ija. Ganizo lawo lotsala lija linali lakuti mankhwala amagwira ntchito pokhapokha kamnzakeko kakakhalapo. Mzere ukanatuluka mbali zonse ziwiri, kapena kusowa mbali zonse ziwiri, ndiye kuti maselowo ndi ofanana ndipo iwo alibenso chonena. Koma maselo awo anali nako, a Wandevu analibe. Ndiye kuti iwo sananame, Wandevunso sananame. Ankayesa pa mitundu iwiri ya chotupa yomwe aliyense ankaiyesa umodzi.

"Ndipo mukuona tanthauzo lake? Ngati izi zili zoona, tsiku lina dokotala adzatha kuyeza chotupa cha mayi n'kudziwiratu ngati mankhwalawa angamuthandize kapena angomutayitsa nthawi. Pepala langa loyamba silikanatha kunena zimenezo. Anachita kunditsutsa kuti tifike apa."

"Ndiye ndikaitanitse keke?"

"Musayerekeze. Ndibwereze kaye, ndibwerezenso, kenaka Wandevu abwereze kwawo." Anayang'ananso kompyuta ija. "Koma dziwani chinthu chimodzi. Pa dziko lonse lapansi, munthu woyamba kuona mzere umenewu ndi inu."

Ndinakhala pa kampandoko, m'chijasi chosandikwana, ndikumva kukoma komwe sindinakumvepo chibadwire. Ndinapempha kuti andisindikizire chithunzicho. Chili m'galimoto mpaka lero, kuseri kwa chotchingira dzuwa, ndipo wophunzira aliyense amachiona, afune asafune.

Anabwereza, mzere unatulukanso kumanzere kokha. Wandevu anabwereza kwawo, zinatuluka chimodzimodzi. Tsiku lina madzulo ndinamuona pa kompyuta ya m'chipinda chochezera akulankhula ndi akazi anga. Ndinkayembekeza chimunthu choopsa, koma anali kamdala koseka ndi mapewa, kokhala ndi mphaka pamiyendo. Akazi anga anamufotokozera za keke ija, ndipo anaseka mpaka mphaka anathawa. Anandibayibitsa. Ndinamubayibitsanso, koma ndi dzanja limodzi, pang'ono chabe, chifukwa munthu amene anaonditsa akazi anga sindingamukhululukire tsiku limodzi.

Anagwirizana zolemba pepala limodzi, mayina awo onse awiri pamwamba. Kulemba kwake, kukangana kwake ndi kudikira a magazini zinatenga nthawi yoti mayi wa kubanki uja anakhoza mayeso, n'kugula galimoto, n'kuiphwanya nyali yakumbuyo. Foni ndinali nditaitulutsa m'kabokosi muja, koma tsopano ndinali ndi lamulo latsopano: ikalira, ndisanasangalale, ndizipita kaye kwa mwana wathu kusitolo kuti tipeze pomwe pali dzina la amayi ake, tiwerenge zomwe akunena.

Ndiye tsiku lina masana inalira. Ndinamaliza phunziro, ndinatsitsa wophunzira, n'kupita kusitolo ya mafoni. Mwana wathu anatsegula pepala latsopanolo, anayang'ana pamwamba, n'kumwetulira.

"Adadi, mwaona olemba ake?"

Linali lawo lija, la akazi anga ndi Wandevu, litangotuluka kumene. Anatsitsa ndi chala mpaka kumapeto, pa mndandanda wa mapepala otchulidwa. Pa nambala wani penipeni panali mwana wachisamba.

"Achimwene atchulidwa ndi mng'ono wawo," anatero.

"Usathamange. Werenga kaye zomwe akunena."

Anabwerera pa tsamba loyamba, anapeza chiganizocho, n'kuchimasulira pang'onopang'ono, chala chili pansi pa mawu. "Akuti: monga momwe zinasonyezedwera koyamba m'pepala ili, ndipo tsopano tatsimikiza..."

Anatembenukira kushelefu n'kuyamba kusuntha mabokosi a mafoni omwe anali kale pamalo pake.

Ndinatuluka panja n'kuimbira akazi anga. Ndinawafunsa ngati tsopano ndingapite kwa wophika makeke.

"Pitani," anatero. "Muitanenso achimwene anga, adzabweze mawu awo aja."

"Ndilembetsepo nambala yanji?"

"Musalembetse nambala. Mumuuze wophikayo aike kirimu yoyera pamwamba ponse, kenaka ajambule mzere umodzi wakuda kumanzere. Kumanja asaikeko kanthu."